Galuyo mwamuwononga nokha, alamu

Chikwiyire Loweruka mtima wanga sunatsikebe, ndiye ndilemba pompano. Amene akhumudwe akhumudwe.

Alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, anamenya galu ine ndikuona. Kagalu ka miyezi 7, Labrador wakuda, kakakazi. Mlandu wake eti kaphwanya nthiti za mbalame. Mbama ziwiri pamphuno, kenako kukakoka ndi chingwe mpaka pagalimoto, iko kakulira. Atatero akutembenukira kwa ine n'kumati, "Alamu, anandibera ndalama anthu aja, galu uyu ndi wachabechabe, amaluma mbalame." Ine ndinangoti, "Alamu, amene waluma mbalameyi ndinu." Sitinalankhulane mpaka kunyumba.

Kwa inu muli kumudzi, ndifotokoze pang'ono. Kuno ku Scottish Borders, chigawo cha kumwera kwa Scotland, komwe ndimagwira ntchito pafamu, nyengo yosaka pheasant imayamba pa 1 Okutobala n'kutha pa 1 Febuluwale. Pheasant ndi mbalame yonga nkhwali koma yaikulu, tambala wake wamchira wautali. Loweruka ndimakagwira ganyu yovumbulutsa mbalamezi m'tchire, ndodo m'manja, amfuti ataima kutsogolo. Kumbuyo kwa amfuti kumakhala anthu a agalu otola. Galu wotolayo ntchito yake ndi imodzi basi: kukapeza mbalame yomwe yagwa, kubwera nayo, kuipereka m'dzanja la mbuye wake ili bwinobwino. Chifukwa ndi ndiwo imeneyo, ikupita kukagulitsidwa, anthu akadye. Yotafunidwa ndani angagule?

Tsono zinayenda chonchi. Tambala wa pheasant anawombedwa phiko, anagwa, n'kuyamba kuthamanga kulowera kumpanda. Mbalame yamoyo, yaukali, yokhala ndi chikhadabo chakuthwa kumbuyo kwa mwendo ngati tambala wakumudzi. Anthu odziwa amatuma galu wamkulu pa mbalame yotere. Alamu anga, pofuna kuonetsa azungu kuti nawonso ali ndi galu, anamasula kamwana kaja. Kanathamanga, kanaigwira, ndipo ndinaona ndi maso anga mbalame ikukamenya ndi phiko kumaso, ikukakanda pachifuwa. Koma kanapirira. Kanabwera nayo, mchira ukugwedezeka, mutu uli m'mwamba, mbalame ikuphethirabe maso m'kamwa mwake. Inali isanaphwanyike. Ndikubwereza, pofika pamenepo inali isanaphwanyike.

Katatsala mapazi awiri kanaima, kakuzungulirazungulira, monga amachitira mwana akatola chinthu chachikulu koyamba. Apa panafunika kungogwada, kukaitana mofatsa, kudikira. Alamu anadumpha. Anagwira mchira wa mbalame n'kukoka. Galu nayenso anakoka. Iwo akukuwa, akukokabe. Ndiye munamveka kuti phwa, nthenga zili mbwee, mbalame yafa, nthiti zalowa m'kati. Kenako mbama.

Ndiuzeni, wolakwa ndani pamenepo? Mukalanda chinthu m'kamwa mwa galu, amafinya. Mukakoka, amafinya kwambiri. Galu aliyense padziko pano, wa ku Scotland kaya wa ku Dedza. Dzanja lanu ndilo linatseka nsagwada zake, alamu, ndiye dzanja lomwelo likukamenyanso mphuno yake. Galuyo lero waphunzira chinthu chimodzi: ndikabwera ndi mbalame kwa munthu uyu, amandilanda n'kundimenya. Mawa akaitola adzathawa nayo kutchire, kapena adzaifinyiratu ali kutali kuti isamuvutitse. Mwamuphunzitsa nokha.

Ndipo sizinayambe Loweruka ayi. Ndimapitako kunyumba kwawo. Kuyambira tsiku lomwe kagaluko kanafika, ana amakokana nako sokosi pabalaza, wina uku, iko uko, kakubangula, bambo awo akujambula n'kumatumiza pa WhatsApp ya banja kuti onani mphamvu. Anakagulira tidoli tija timalira tikafinyidwa. Kakaluma, kadoli kalira, onse kuseka. Miyezi isanu yathunthu mukukauza kuti luma zolimba, usataye, finya chilire. Lero mukudabwa chiyani? M'mera mpoyamba. Komanso kagalu ka msinkhu umenewu kangomaliza kumene kugulula mano. Aubwana aja 28 achoka, aakulu 42 angomera, nkhama zakhala zikuyabwa miyezi yonseyi. Ndiye nthawi imeneyo ndi imene inu munkakokana nako nsanza.

Inde, alipo agalu obadwa nako kuluma, za kumtundu, sindikukana. Koma uyu ayi. Uyu ndinamuona ali ndi miyezi itatu atanyamula silipasi ya mlamu wanga wamng'ono kuchokera kukhomo, kuibweretsa yopanda ngakhale chidindo cha dzino. Mtundu wa Labrador umenewu anthu anavutika nawo. Makolo ake anachokera ku Newfoundland, ku Canada, komwe ankathandiza asodzi, ndipo m'zaka za m'ma 1880 Earl wa Malmesbury anapatsa agalu ake ena Duke wa Buccleuch, wa kuno komwe ku Borders, n'kumawaswanitsa posankha ofatsa pakamwa. Kennel Club, bungwe lolembetsa mitundu ya agalu kuno, inauvomereza mtunduwu mu 1903. Zaka zoposa 100 anthu akusankha, inu mwafafaniza m'mphindi imodzi ndi dzanja lanu lopupuluma.

Pali gogo wina wachizungu amene timagwira naye ganyuyi, ali ndi agalu asanu, ndipo sindinamumvepo akukuwa. Tsiku lina ndinakamuthandiza kukonza mpanda, ndinaona mmene amayambira ndi kagalu. Amakhala pansi penipeni, m'kanjira kopanikiza ka m'nyumba, miyendo atatambasula, kuti kagalu kasowe kothawira. Amaponya sokosi yokulunga, pafupi pomwepa. Kagalu kakatola n'kubwera, iye sagwira sokosiyo. Amakalola kakwere pamiyendo pake, amakasisita pachifuwa, kuseri kwa makutu, sokosi ili m'kamwa. Dzanja lina amaliika pansi pa chibwano, chogadamitsa, n'kungodikira. Kenako amanena liwu limodzi motsitsa, "dead", sokosi n'kugwera m'dzanja yokha. Nthawi zina amakabwezeranso kuti kaigwire, kadziwe kuti munthuyu si wakuba. Kawiri, katatu, basi, amabisa sokosi kagalu kakufunabe.

Pambuyo pa sokosi pamabwera kathumba kansalu yolimba kamene kuno amati dummy. Kakazolowera, amamangirirapo mapiko ouma. Kenako njiwa yakufa, yozizira, ataiveka sokosi yopyapyala ya azimayi, chifukwa nthenga za njiwa zimathothoka msanga, zimamata m'kamwa, galu n'kuyamba kulavula ndi kutafuna. Kenako mbalame yozizira yosaveka kanthu. Kenako yongofa kumene, yofunda. Yamoyo yothamanga ija, gogoyu salola galu wake aikhudze m'nyengo yake yoyamba, amadikira chaka chinacho. Alamu anga masitepe onsewa anawalumpha. Kuchoka pa sokosi yokokana ndi ana kukafika pa tambala wamoyo. Kuthamanga sikufika, alamu.

Ndinawauzapo zimenezi mu Seputembala, tikudya nsima kwawo. Ndinati alamu, galuyu musapite naye chaka chino, ngati mukufuna azikangoonerera ali pachingwe. Anandiyankha kuti, "Inu alamu, galu ndi galu, ife tinakulira uzimba." Uzimba wake uti? Galu wa uzimba ntchito yake ndi kugwira kalulu n'kumuthyola msana, ndipo timamutama chifukwa cha zomwezo. Uyu ntchito yake ndi kunyamula ngati wanyamula dzira. Simungafune zonse ziwiri pakamwa pamodzi. Pa mipikisano ya agalu otola kuno, woweruza amaika mbalame chagada pachikhatho, n'kupapasa nthiti ndi zala. Akapeza zaphwanyika, amati hard mouth, kutanthauza kuti galuyo amafinya mbalame, ndiye watuluka pomwepo, kaya anathamanga bwino chotani. Ndipo aliyense pamalopo sayang'ana galu, amayang'ana mwini wake.

Ndi zimene zinachitika Loweruka. Anthu sanalankhule, azungu akuno salankhula, koma maso onse anali pa alamu. Ine manyazi anandigwira ngati ndamenya ndine, poti ndine ndinawapemphera malo kuti abwere.

Chandipsetsanso mtima china ndi malangizo omwe ayamba kulandira. Dzulo mayi akunyumba andionetsa pafoni, wina pa Facebook wawauza kuti akulunge waya waminga pa dummy kuti galu akaluma abayike. Wina akuti agule kolala yamagetsi yoveka galu m'khosi, ija anailetsa ku Wales mu 2010. Mwana wamenyedwa kale, mankhwala ake mumubayenso nkhama? Anthu inu mumaganiza ndi chiyani? Galu wochita mantha ndiye amafinya. Mukamuonjezera mantha mukuonjezera kufinya. Vuto ndi dzanja, mukukafuna mankhwala a mano.

Ndipo tisanamizane, khalidweli tinanyamula kuchokera kwathu. Galu timamudziwa ndi mwala ndi "choka!". Akadwala ndi wa ana, akagwira nyama ndi wa bambo. Koma ngakhale kumudziko, agogo anga aamuna sankamenya galu wobwera ndi kalulu. Ankagwada, kumusisita, kutumbula kalulu pomwepo n'kumupatsa matumbo. Sanapite kusukulu koma ankadziwa kuti galu wobwera kwa iwe ndi nyama sumulandira ndi ndodo. Ife tabwera kunja, tagula galu wamapepala, wodula kuposa njinga yamoto kumudzi, nzeru n'kuzisiya pa eyapoti.

Lamulungu madzulo ndinadutsako kukasiya ana. Alamu anatenga dummy kuti andionetse kuti galuyo ndi wouma mutu. Atangoinyamula, kagalu kanalowa pansi pa tebulo, mchira pakati pa miyendo, kakundiyang'ana ine. Panopa akuti akufuna akagulitse agule galu wa mtundu wina wotchedwa spaniel, akuti amenewo ndiye anzeru. Asandipemphe kuti ndiwaperekeze.