Chidindo cha kupolisi sichikupatsani nyumba: chenjezo kwa a Malawi a kuno ku Joni

Abale anga, ndi inu ana anga amene mukukhala kuno ku Johannesburg, ndakhala chete nthawi yaitali poopa kuti munganene kuti mkuluyu wayamba kaduka ndi chitukuko cha anzake, koma zimene ndaona miyezi yapitayi zandisowetsa tulo. Kugula nyumba yoti banja likhalemo ndi chinthu cholemekezeka, ndipo mtima wanga umadzaza ndi chimwemwe ndikaona Mmalawi akutuluka m'kachipinda ka lendi ku Turffontein kapena ku Mayfair, momwe ana amagona pansi pafupi ndi mapoto, n'kukalowa pakhomo pakepake. Chimene chikundiwawa ndi kagulidwe kanu. Mukugula mothamanga, mobisa ndiponso mosafunsa, ngati munthu amene watsika basi pa Lizulu kuti agule mbatata dalaivala asanalize hutala.

Mwezi wathawu kunabwera kwanga mnyamata wina wa kwathu, wowotcherera zitsulo, amene wagwira ntchito kuno zaka khumi ndi chimodzi osapitako kumudzi ngakhale pa Khirisimasi. Atakhala pansi anatulutsa m'jumbo pepala lopindidwa kanayi, lothimbirira m'mphepete chifukwa choligwiragwira, n'kundipatsa ndi manja awiri. Linali kalata yolumbirira yolembedwa pamanja, yonena kuti bambo wina wamugulitsa nyumba ya RDP, ija boma limapereka kwa anthu osauka, pamtengo wa R180 000, ndipo m'munsi mwake munali chidindo cha kupolisi. Nyumbayo anaiikira matailosi, anaimangira mpanda, ndipo kuseri anawonjezera zipinda ziwiri zochititsa lendi. Tsopano wogulitsa uja wamwalira, ndipo ana ake abwera ndi title deed, chikalata cha umwini wa nyumba, yokhala ndi dzina la bambo awo, akuti achoke. Anandifunsa kuti, "Malume, chidindochi si cha boma kodi?" Ndinasowa poyambira, chifukwa yankho lake linali lopweteka. Wapolisi akadinda kalata yolumbirira amangotsimikiza kuti munthuyo walumbira pamaso pake, satsimikiza kuti nyumbayo yasintha mwini.

Mvetsetsani bwino pamenepa, popeza ambiri mukugwera m'mbuna imodzimodziyi. Kumudzi kwathu munthu amapatsidwa malo pamaso pa a nyakwawa ndi mboni, ndipo mudzi wonse umakumbukira kuti malire ndi mtengo wa mango uja. Kuno kulibe nyakwawa yokukumbukirani. M'dziko la South Africa nyumba imakhala yanu tsiku limene dzina lanu lalembedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga kaundula wa eni malo ndi nyumba, ndipo ntchito yosintha umwini imagwiridwa ndi loya wapadera wotchedwa conveyancer. Lamulo la Alienation of Land Act la 1981 limanena kuti malonda a malo ayenera kulembedwa ndi kusainidwa, choncho pangano la pakamwa lilibe mphamvu, ngakhale munagwirana chanza pamaso pa abusa. Za nyumba za RDP zokha ndiye n'zovutirapo, chifukwa lamulo la Housing Act silimulola wolandira nyumba yotere kuigulitsa kwa munthu wina pasanathe zaka 8 asanayambe waipereka kaye ku boma la chigawo. Munthu akakuuzani kuti "mapepala tidzakonza pambuyo, inu loweranitu," dziwani kuti akukugulitsani mlandu.

Amene mwabwera posachedwa mwina simunamve zimene zinachitika ku Lenasia mu November 2012. Anthu anagula mapuloti kwa akathyali amene ankawapatsa zikalata zabodza zooneka ngati za boma, ndipo anamanga nyumba zabwino za njerwa, zina zamagalaja. Malowo anali a boma la Gauteng, ndipo tsiku lina kunafika akatapila ndi apolisi n'kuyamba kugumula. Tinaona pa wailesi yakanema amayi akudziponya pansi kutsogolo kwa makina, makoma amene anawamanga ndi thukuta akusanduka fumbi. Anthu amenewo anali nzika za dziko lino, odziwa chilankhulo ndi maofesi ake. Nanga inu mlendo, wa pasipoti ndi chitupa cha ntchito, mukuganiza kuti ndani adzakuimirirani mukagula sitandi kwa munthu amene mwakumana naye pa Facebook?

Mzindawu ukukula mofulumira, ndipo kulikonse kumene mungapite, kaya ku Protea Glen, ku Cosmo City, ku Fleurhof kapena cha ku Midrand, mukupeza zikwangwani za nyumba zatsopano ndi anthu ovala bwino okuitanani kuti mudzaone. Sindikuti onsewo ndi akuba, ayi. Koma chiyambire February 2022 lamulo la Property Practitioners Act likugwira ntchito, ndipo ejenti aliyense wogulitsa nyumba ayenera kukhala ndi satifiketi yomuloleza kugwira ntchitoyi, yotchedwa Fidelity Fund Certificate, yochokera ku PPRA, bungwe loyang'anira maejenti. Mufunseni akuonetseni, ndipo musachite manyazi. Lamulo lomwelo limafuna kuti mupatsidwe fomu imene wogulitsa walembapo zolakwika za nyumbayo zimene akuzidziwa, inu musanasaine chilichonse. Dipoziti isapite m'manja mwa munthu kapena ku akaunti yake, koma ku trust account, akaunti yapadera yosungirako ndalama za makasitomala, ya loya kapena ya ejenti wovomerezeka. Ndipo mukalandira imelo yonena kuti nambala ya akaunti yasintha, musatumize ngakhale randi imodzi musanapite nokha ku ofesi ya loyayo kapena kuimba pa nambala imene mukuidziwa kale, chifukwa mbava zambiri masiku ano zimaba ndi imelo, osati ndi mpeni.

Chinanso chimene chimandikhumudwitsa ndi kusaina kosawerenga. Munthu amapita Lamlungu masana kukaona nyumba yachionetsero, amaona makatani ndi mipando yokongola, mayi akuseka, ana akuthamanga pakapinga, basi n'kutenga cholembera. Pepala lija lotchedwa offer to purchase si kalata yosonyeza chidwi chabe, wogulitsa akangosaina limasanduka pangano lokumangani. Masiku asanu osinthira maganizo amene ena amawatchula, m'lamulo la malo amakhudza nyumba zosapitirira R250 000 zokha. Ngati m'pepalamo simunalembedwe kuti malondawo adalira banki kukuvomerani ngongole, mungadzapezeke mukulipira chipukuta misozi pa nyumba imene simunagonemo n'kamodzi komwe. Tengani pepalalo, kagoneni nalo, kaonetseni munthu wodziwa malamulo. Safunsa anadya phula.

Za ndalama nazo tiyeni tiuzane zoona. Mlendo saletsedwa kugula nyumba kuno, koma mabanki kawirikawiri amafuna dipoziti yaikulu kwa munthu amene alibe chilolezo chokhazikika, nthawi zina kufika theka la mtengo. Pamwamba pake pali ndalama za loya wosintha umwini ndi za kulembetsa bondi, yomwe ndi ngongole ya nyumba ya kubanki, komanso msonkho wa transfer duty ngati mtengo wapitirira malire, amene mu 2025 anakwezedwa kufika pa R1 210 000. Mukalowa m'nyumbamo, khonsolo imafuna zake mwezi uliwonse, ndipo ngati muli mu complex, nyumba zambiri za mumpanda umodzi, pali levy, ndalama yosamalira malowo, imene simungaikane. Chiwongoladzanja nacho sichikhala malo amodzi. Mu July 2020 prime rate, chiwongoladzanja chimene mabanki amayambirapo powerengera ngongole, inali 7 peresenti, ndipo ambiri anathamangira kugula, koma pofika May 2023 inali itafika 11.75 peresenti. Pa ngongole ya R800 000 ya zaka 20, munthu amene ankalipira pafupifupi R6 200 pamwezi anapezeka akufunidwa pafupifupi R8 670, pamene malipiro ake ali pomwe paja, kumudzi akudikira ya feteleza ndi fizi ya sukulu. Walira mvula walira matope, choncho werengani ndalama zanu ngati kuti chiwongoladzanja chakwera kale, ndipo ngati sizikukwana dikirani chaka china.

Musaiwale kuyang'ana nthaka imene nyumbayo yakhalapo. Madera ena a Gauteng, monga Centurion, Khutsong ndi mbali zina za Lenasia, ali pa mwala wa dolomite umene umasungunuka ndi madzi pang'onopang'ono mpaka pansi kutseguka dzenje. Ena amanga m'mphepete mwa Jukskei ndi Klip River, kumene madzi amalowa m'nyumba mvula ikagwa yambiri. Nyumba yatsopano iyenera kukhala yolembetsedwa ku NHBRC, bungwe loyang'anira omanga nyumba, limene limateteza wogula kwa zaka zisanu ngati maziko kapena makoma awonongeka kwambiri, ndiponso kwa chaka chimodzi ngati denga likudontha. Nyumba yakale imagulitsidwa kawirikawiri mwa voetstoots, kutanthauza kuti mwaitenga mmene ilili, ndiye kwerani kudenga, tsegulani mipopi, yang'anani ming'alu imene yaphimbidwa ndi penti watsopano, ndipo funani satifiketi ya magetsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitaninso kuderalo Lolemba m'mamawa mukaone mzere wa pa taxi, mufunse oyandikana nawo kuti madzi amatuluka masiku angati pamlungu ndiponso sukulu ya ana ili kutali bwanji.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandichititsa manyazi ngakhale kuilemba. Pali azibambo amene, pofuna kuzemba zovuta za mapepala, amalembetsa nyumba m'dzina la mnzawo wa kuno, kapena la mkazi wachibwenzi, pamene mayi wa kunyumba amene anapirira nawo umphawi sakudziwa kanthu. Bambo inu, mukudzipusitsa nokha. Amene dzina lake lili pa title deed ndiye mwini, ndipo tsiku limene mudzayambana kapena mudzatsikira kuli chete, ana anu adzatulutsidwa ndi zikwama zawo zokha. Enanso mumagula m'dzina lanu ndithu koma osalemba wilo, poganiza kuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Taona maliro angati kuno, tikusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, kwinaku achibale akukanganirana makiyi, mayi wamasiye atakhala pamphasa osadziwa ngakhale banki imene ili ndi bondi? Chuma cha masiye kuno chimayendetsedwa kudzera ku ofesi ya Master of the High Court, osati pa msonkhano wa banja. Khalani pansi ndi akazi anu, auzeni loya mtundu wa ukwati wanu ndi kumene unamangidwa, funsani za inshuwalansi yolipira ngongole mukamwalira, ndipo mayi adziwe pamene mapepala akusungidwa. Nanunso amayi, musamangoti "bambo ndi amene akudziwa," pamene ndalama zanu za kusaluni ndi zakuchapa zalowa m'makoma omwewo.

Ndikudziwa chimene chikukuthamangitsani, chifukwa nanenso ndinakhalapo mnyamata. Mukufuna kutumiza chithunzi pa WhatsApp mutaima pageti ndi makiyi m'manja, kuti kumudzi aleke kukutchulani kuti mtchona wopanda kanthu. Mukuopanso kuti mukauza anzanu akulodzani kapena akulandani mwayiwo, n'chifukwa chake mumachita zonse mwakachetechete mpaka zitavuta. Wakuba amakonda munthu wobisa, ndipo mawu ake amakhala amodzi nthawi zonse, akuti pali wina amene akubwera ndi ndalama mawa. Musiyeni winayo abwere. Kufufuza ku Deeds Office kuti mudziwe mwini weniweni wa nyumba, ndiponso ngati ili pa ngongole, kumadya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mukufuna kupereka, ndipo loya aliyense wa za malo angakuchitireni.

Mnyamata uja ndinapita naye kwa loya sabata yatha. Loyayo anawerenga kalata ija kawiri, n'kufunsa ngati pali risiti kapena umboni wa kubanki wa R180 000 ija. Panalibe, chifukwa anapereka pamanja, m'magawo atatu, m'galimoto ya wogulitsayo. Panopa akusonkhanitsa marisiti a simenti ndi matailosi amene mkazi wake anasunga m'chitini cha mabisiketi, kuti mwina angabwezeredweko ndalama za zimene anamanga, ndipo ana awo awiri awatumiza kaye kwa azakhali awo ku Rosettenville.