Ndime 176 ichoke, kuvomera mlandu ndi zibonga si umboni

Abale anga, pali ndime ina m'malamulo athu imene ambirife sitiidziwa, koma ili ndi mphamvu yotumiza munthu ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba. Ndi ndime 176 ya lamulo loyendetsera milandu ndi umboni, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code. Ndimeyi imati munthu akavomera mlandu ku polisi, khothi lilandire mawu akewo ngati umboni, ngakhale mwini wake atanena kuti sanavomere mwa kufuna kwake. Kwa woweruza kumangotsala kukhutira popanda chikayiko kuti mawuwo anatulukadi m'kamwa mwa woimbidwa mlanduyo, komanso kuti ndi oona.

Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndikuti ndimeyi ichoke.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 19, amaletsa kuzunza munthu. Pa ndime 42 amanena kuti womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo aonekere kukhothi pasanathe maola 48. Mu 1996 Malawi analowa m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu. Nanga bwanji lamulo laling'ono likutsegula khomo limene lamulo lalikulu linatseka?

Taganizirani mnyamata wakumudzi amene sukulu analekezera sitandade 4. Wagona m'chitokosi, wadya zibonga, kenako amupatsa sitetimenti yolembedwa ndi wapolisi kuti adindepo chala. Tsiku la mlandu waima yekha pamaso pa majisitireti, loya alibe, mabala anapola kalekale ali pa rimandi. Auza khothi kuti anandimenya. Wapolisi akana. Mukuganiza kuti amvedwa ndani? Munthu akamva ululu amavomera ngakhale kuba ng'ombe imene sanaione n'komwe.

Ena mundiuza kuti ndikuikira kumbuyo mbava. Ayi. Nanenso ndimafuna wakuba ndi wakupha alandire chilango. Koma apolisi akadziwa kuti sitetimenti yokha ikwanira, afufuziranji? Wosalakwa akalowa m'ndende, wolakwa weniweni amatsala m'mudzi momwemo, akuyenda momasuka pakati pa ana athu. Ndipo nkhanzazi si nthano. Mu 2019 Buleya Lule, amene ankamuganizira pa mlandu wosowetsa mnyamata wachialubino ku Dedza, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa. Zimene ankadziwa zinapita naye kumanda.

Akuti ngati sunakhutire kachite apilo. Apilo imafuna fayilo ya mlandu, imafuna munthu wodziwa malamulo wokulembera zifukwa. Khothi litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti si aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ayenera kunyongedwa, ntchito yeniyeni yomvanso milandu ya akaidiwo inadzayamba mu 2015, ndipo mafayilo a ena mwa iwo anapezeka kuti anasowa. Maloya a Legal Aid Bureau amayesetsa, koma ndi ochepa poyerekeza ndi anthu odzaza m'ndende zathu. Cholakwika chikalowa pa tsiku loyamba, kuchikonza kumadya zaka za moyo wa munthu.

Aphungu athu, sinthani ndimeyi. Woimbidwa mlandu akanena kuti anamenyedwa, boma ndilo lionetse kuti anavomera mwaufulu, likalephera sitetimentiyo itayidwe khothi lisanaiwerenge n'komwe.