Mwana akutha madzi inu mukuti ndi mano?

Zimene ndaona sabata yatha m'wodi ya ana zandipsetsa mtima. Khanda la miyezi 8 afika nalo litatsegula m'mimba ndi kusanza masiku atatu, maso atalowa m'kati, liwombo litatsika, likulira popanda msozi. Anamwino afunafuna mtsempha m'manja, m'miyendo, osaupeza, mpaka dripu akaibaya pamutu. Kuti atsegule buku la kusikelo, malo a katemera wa rotavirus, kachilombo kotsegulitsa ana m'mimba, ali mbee! Makolo ake akuti, "Timayesa ndi mano." Mano ake ati otsegulitsa mwana madzi okhaokha kakhumi pa tsiku?

Katemera ameneyu si wa jakisoni n'komwe. Ndi madontho a m'kamwa, oyamba pa masabata 6, ena patatha masabata 4, ndipo mtundu wina amapereka katatu. Chikukukanikani n'chiyani?

Mwana mmodzi wotere amagwira bedi masiku angapo, amamaliza mabotolo a dripu, amatsekereza namwino amene akanathandiza mwana wa chibayo. Kachilombo kameneka n'kokakamira, kamakhala masiku pa zitsulo za bedi, pa zidole ndi pa zitseko, moti mwana wobwera ndi matenda ena amatuluka atatenganso kutsegula m'mimba. Mayi asiya ntchito kuti adikirire matenda, bambo akongola ndalama ya ulendo, ana otsala kunyumba alibe owayang'anira. Ngongole yonseyi chifukwa chozemba madontho?

Nanga inu othamangira kukagula maantibayotiki, anakuuzani ndani kuti amapha vairasi? Mukungotaya ndalama mwana akuuma. Ena mpaka kumuletsa bere, ati asiye kutsegula. Zamanyazi!

Mwana akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osati theka, chifukwa mchere ukachuluka umamupweteka. Mwana wosakwana zaka 2 mum'mwetse mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsegula, ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Madzi a ORS otsala atayeni pakatha maola 24. Mum'patsenso mankhwala a zinki, mamiligalamu 20 pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake kwa wosakwana miyezi 6. Bere lisaleke, ndipo mukasintha thewera sambani m'manja ndi sopo.

Akakana kuyamwa, akalefuka, thewera likakhala louma maola 6, kapena mukatsina khungu la pamimba n'kumachedwa kubwerera, nyamukani kupita kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

Akulu anzanga, lekani chibwana ndi moyo wa ana!