Khadi la baseball limakomera kumbuyo kwake

Abale anga akumudzi mundipirire, lero ndikamba za baseball, masewera amene ambiri a inu mumangowaona m'mafilimu. Nanenso nditangofika kuno ku Boston ndinkawaona ngati otopetsa. Anthu atatu okha ndiye ali kalikiliki, enawo angoti chilili pabwalo ngati akudikira minibasi. Amene anandikopa ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo anandikopa ndi timakhadi ta m'katoni ya nsapato.

Kwa amene simunalionepo, khadi lake ndi lokwana m'chikhatho. Kutsogolo kuli chithunzi cha wosewera, dzina ndi timu yake. Kumbuyo kuli mizere ya manambala, chaka chilichonse mzere wake: magemu angati, wamenya mpira kangati, ma home run angati (kumenya mpira n'kuzungulira bwalo lonse mpaka kugoletsa). Mu MLB, ligi yaikulu ya baseball kuno ku America, timu iliyonse imasewera magemu 162 pa nyengo imodzi. Munthu wa mashifiti ngati ine ndingaonere onsewo? Khadi limandiunjikira chaka chonsecho pamzere umodzi, ndikuwerenga uku ndikumwa tiyi.

Mnyamata wangayu anasankha Mookie Betts. Betts anayamba kusewera mu Red Sox, timu ya kuno ku Boston, mu 2014, ndipo mu 2018 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu American League, limodzi mwa magawo awiri a MLB, timu n'kutenganso World Series, chikho chachikulu cha MLB, chaka chomwecho. Kenako mu February 2020 Red Sox inamupereka ku Los Angeles Dodgers posinthana ndi osewera ena. Tsiku limenelo nsima inatsala m'mbale. Ine ndinkati basi, makhadi aja apita kudzala. Ayi ndithu. Atapeza khadi loyamba la Betts atavala chipewa chabuluu cha LA, analiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako n'kuliika pambuyo pa anzake a chipewa cha B wofiira. Nambala ya pamsana ndi yomwe ija, 50. Mukawayala patebulo motsatana, mumaona munthu akukula, nkhope ikukhwima, ngakhale malo amene amaima pabwalo akusintha. Timu ndi ya eni ake, amagula ndi kugulitsa mmene afunira. Mwana anatsata munthu.

Chimene chikundinyansa ndi ndalama zimene zalowerera.

Makhadiwa anayamba ngati nyambo ya malonda. Pakati pa 1909 ndi 1911 kampani ya American Tobacco inkawaika m'mapaketi a ndudu, ndipo limodzi mwa amenewo ndi la Honus Wagner wa Pittsburgh Pirates, limene linasindikizidwa pang'ono chabe. Mu 2022 khadi lina la Wagner linagulitsidwa madola 7.25 miliyoni. Chaka chomwecho khadi la Mickey Mantle la kampani ya Topps la mu 1952 linapita pa madola 12.6 miliyoni. Kakatoni, abale. Kakatoni kamene kankabwera limodzi ndi chingamu, ana n'kumathamangira chingamucho.

Ndiye masiku ano aliyense akufuna kutola Mantle wake. Khadi likangotuluka m'paketi, anthu salitembenuza n'komwe. Amayang'ana makona ngati ali osongoka, amaona ngati chithunzi chakhala pakatikati, kenako amalitumiza ku makampani ngati PSA kuti akalipatse malikisi kuyambira 1 mpaka 10. Limabwerako litamatidwa m'pulasitiki yolimba, osalikhudzanso. Ena amagula makhadi a mnyamata amene sanamuonepo akusewera, amangomva kuti akwera mtengo. Kumeneko ndi kubetcha, tisanamizane.

Loweruka lina tinapita kusitolo ina ya makhadi. Mwana anatulutsa Betts wake wakale, lija amalikonda kwambiri, kuti angomuonetsa mwini sitolo. Bamboyo analigwira m'mbali ndi nsonga za zala, n'kuloza kona imodzi yopindika, n'kunena kuti ilibe mtengo. Mwana sanafunse za mtengo. Kona imeneyo inapindikira m'thumba la jekete tsiku limene tinapita koyamba ku Fenway Park, bwalo la Red Sox, titakhala mipando yakutali kwambiri moti osewera ankaoneka ngati nyerere. M'galimoto pobwerera anandifunsa kuti, "Adadi, ndiye kuti ndinaliwononga?" Zinandipweteka.

Chondiseketsa n'chakuti makhadi akalewo akudula chifukwa ana a nthawi imeneyo ankawaseweretsa. Ankasinthana, ankawaponya kukhoma popikisana, ankawapanira pa masipoko a njinga kuti izilira ngati njinga yamoto. Otsala amayi awo anataya posesa m'nyumba. N'chifukwa chake abwinobwino ndi osowa. Anthu atazindikira zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anayamba kugula makatoni athunthu n'kumasunga osatsegula, makampani nawo n'kusindikiza mopanda muyezo. Lero ambiri mwa makhadi a nthawi imeneyo ngakhale mungawapereke ulere munthu amaganiza kaye. Aliyense anasunga, ndiye wogula achokera kuti?

Sindikunena kuti wogulitsa makhadi ndi wakuba. Malonda ndi malonda, ndipo nanenso nditapeza Mantle pansi pa bedi sindingachite manyazi kukamugulitsa. Koma musamauze mwana wa zaka khumi kuti khadi lake ndi lachabe chifukwa analigwira ndi manja. Ngati mwana wanu wayamba kutolera, kaya ndi a katswiri wotchuka Shohei Ohtani kaya a mnyamata wosadziwika amene amangokhala pabenchi, mufunseni kuti akuwerengereni kumbuyo. Mudzadabwa. Wanga masamu a madesimo anawamvetsera pomwepo, pofuna kudziwa kuti .346, avereji ya kamenyedwe ka mpira ka Betts mu 2018, ikutanthauza chiyani.

Khadi lopindika lija likadalipo. Pano mnyamatayo wakula, ndevu zayamba, koma limakhala kuseri kwa foni yake, mkati mwa kava. Kona inanso yapindika.