Ceftriaxone tikumuthera pa chimfine

Dzulo mayi wina wa pafupi ndi kwathu anabwera ali ndi kanyula padzanja, nkhope ili mwee. Chimfine cha masiku awiri chokha, anapita ku kachipatala kena kolipira, ndipo anawabaya ceftriaxone. Akuti, "Adokotala ake ndi odziwa ntchito, sanangondipatsa panado." Ine mtima unangoti myuu.

Amalawife timakhulupirira jakisoni kuposa mapiritsi, izi n'zakale. Koma chimfine chimabwera ndi vairasi, ndipo ceftriaxone alibe nayo ntchito vairasi. Ntchito yake ndi mabakiteriya, makamaka gulu lija la Gram-negative monga E. coli ndi Klebsiella, amene amalowa m'chikhodzodzo, m'mapapo ngakhale m'magazi. Dzina loti Gram-negative linachokera kwa Hans Christian Gram wa ku Denmark, yemwe mu 1884 anapeza njira yosiyanitsira mabakiteriya powapaka utoto. A gulu limeneli ali ndi kachikopa kena kunja, ndiye mankhwala ambiri salowa bwino. Oti n'kuwagonjetsa ndi ochepa kale.

Ndiye taonani zomwe anapeza ku Gulupu. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala a pa Queen Elizabeth kwa zaka zambiri, zotsatira n'kutuluka mu 2017. Mu 2003 E. coli wosamva mankhwala a mtundu wa ceftriaxone sankakwana ngakhale mmodzi pa 100. Pofika 2016 anali pafupifupi 30 pa 100. Klebsiella ndiye anachita kudumpha, kuchoka cha pa 12 kufika cha pa 90 pa 100. Tizilomboti timatulutsa chinthu chotchedwa ESBL chimene chimaphwanya mankhwalawo asanagwire ntchito, ndipo timapatsirana luso limeneli tokhatokha.

Mayi aja chimfine chitha chokha, ndipo adzatamanda jakisoni. Chomwe sakudziwa n'chakuti m'matumbo mwawo mabakiteriya ofooka afa, olimba atsala ndipo apeza malo oswanirana. Tsiku lina khanda la ku nazale kapena mayi wochitidwa opaleshoni yobereka akadzadwala matenda a m'magazi, ceftriaxone adzangokhala ngati madzi. Pamenepo pamafunika jakisoni wina wotchedwa meropenem, wodula, amenenso sapezeka chisawawa m'zipatala zathu.

Sindikuti jakisoni ndi woipa ayi, wapulumutsa anthu ambiri, ena ndi abale anga. Chondiwawa ndi kumusandutsa malonda, kubaya kuti kasitomala asangalale.

Mawa mayi aja akukabayitsa wachitatu. Ndawapempha kuti asanatambasule dzanja, akafunse kaye kuti kachilombo komwe akukabaya ndi kati, ndipo anakaona bwanji popeza magazi sanawatenge.