Miyezi itatu ndikudikira ndalama ya wodwazika, achimwene akufuna feteleza

Ndabwera kuno ku Santhe masiku 10 okha, kudzaona chiliza cha malemu bambo athu. Tsiku loyamba lomwelo, nsima isanatsike n'komwe, achimwene anayamba nkhani ya feteleza. Akuti mvula ili pafupi, fodya wakula pa nazale, matumba anayi okha basi. Nditati ndilibe, alamu anawomba m'manja n'kunena kuti, "Inu alamu, si tinamva kuti ku UK boma limakulipirani chifukwa chodwazika amuna anu omwe?" Mawu amenewo andisowetsa tulo, ndipo ndikufuna a kwathu kuno amve mmene zilili.

Bambo a kunyumba anadwala sitiroko mu Marichi chaka chino cha 2025. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa. Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba mumzinda wa Leeds ku UK, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake, ndipo ndinkalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Atatuluka m'chipatala ndinasiya ntchitoyo, chifukwa munthu wosatha kupita yekha kuchimbudzi sungamutsekere m'nyumba maola 12. Kuno munthu akadwala, lero agona naye ndi azakhali, mawa mlongo wake, mkuja amayi a mvano abwera ndi ufa ndi nkhuni. Uko kuli ine ndi mwana wanga wamkazi amene ali pasukulu, basi. Pano ndi iyeyo akuwayang'anira bambo ake, ndipo tikiti yobwerera kuno ndi ngongole ya kwa Amalawi anzanga a kutchalitchi.

Ndalama imene alamu anamvayo ilikodi, amaitcha Carer's Allowance. Mu 2025 muno ndi mapaundi 83.30 pa sabata, ndipo kuti uyilandire uyenera kusamalira wodwala maola osachepera 35 pa sabata. Mukagawa, sakwana ngakhale mapaundi atatu pa ola, m'dziko limene malipiro otsikitsitsa a munthu wamkulu mu 2025 ndi mapaundi 12.21 pa ola. Achimwene anatenga foni n'kuchulukitsa ndi 2,000 kuti apeze makwacha ake, maso n'kuwala. Sanachotsepo renti, gasi wotenthetsera nyumba, magetsi, komanso taxi yopita ku fiziyo, kumene amawalimbitsa ziwalo. Komatu ngakhale yochepayo, ine sindinaigwirepo.

Choyamba, sungapemphe ndalamayi wodwalayo asanavomerezedwe kulandira yake ya olumala. Abambowo sanafike pa msinkhu wa penshoni, ndiye yawo ndi imene amati PIP. Fomu yake ndi buku lathunthu: kodi amatha kuvala okha, kudzidulira chakudya, kuyenda mamita angati. Ndinalemba zinthu zimene mkazi wa Chichewa sanena za mwamuna wake pagulu, misozi ili chuchuchu. Tinadikira kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kalata yawo itafika, tsiku lomwelo ndinalemba yanga pa intaneti, ndikuganiza kuti zovuta zatha. Lero tili mu Novembala.

Anandiuza kuti nditumize pepala la malipiro omaliza ndi P45, kalata yosonyeza kuti ndinasiya ntchito. Ndinatumiza. Patatha masabata asanu kunabwera kalata yopempha mapepala omwewo. Ndinatumizanso. Kuimba foni ndiye nkhani ina: umakhala pamzere mphindi 40 ukumvera kanyimbo kamodzimodzi, foni ili pakati pa phewa ndi khutu, manja akusintha zofunda zonyowa. Akayankha, ndi munthu wina nthawi iliyonse, waulemu ndithu, koma yankho ndi limodzi, loti fayilo yanu ili pamzere, palibe amene waitsegula. Ndikafunsa kuti mpaka liti, akuti sanganene. Tsiku lina nditangofika poyankhidwa, abambowo anagwa pofuna kudzuka okha, ndinataya foni pansi, ndipo mawa lake ndinayambiranso kumchira kwa mzere.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu oti musadandaule, ikadzatuluka tidzakupatsani yonse ya m'mbuyo. Ndi zoona, lamulo limatero. Koma mwini nyumba sadikira za m'mbuyo. Kampani ya gasi sidikira. Chiwongoladzanja cha pa khadi ya kubanki chimene chakwera miyezi yonseyi palibe adzandibwezere. Ine amene ndakhoma msonkho m'dzikomo zaka zoposa 15, ndakaima pamzere wa chakudya chaulere kuholo ya tchalitchi, nditavala chipewa kuti Mmalawi mnzanga asandizindikire. Boma lomwelo likanati lilembe munthu wodzachita zimene ndikuchitazi usana ndi usiku, likanalipira ndalama zingati pa tsiku? Ndikulipulumutsira ndalamazo, koma kutsegula fayilo yanga likuona ngati chisomo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osagwirako ganyu podikira. Ndimagwira usiku umodzi kapena uwiri mwana akakhala pakhomo, koma ndi mantha. Pa lamulo la 2025, malipiro ako akapitirira mapaundi 196 pa sabata, ngakhale ndi paundi imodzi, ndalama ya sabata imeneyo yonse yapita, ndipo anthu ambiri uko alamulidwa kubweza ndalama zochuluka chifukwa chopitirira pang'ono osadziwa. Ndiye abwana akandipempha kuti ndiwonjezere maola, ndimakana, m'nyumba mulibe kanthu. Ndipo ine ndili ndi mwayi poti mapepala anga ndi okhazikika. Atsikana athu amene anapita posachedwa pa viza ya ntchito yosamalira okalamba saloledwa n'komwe kupempha thandizo la boma lotereli.

Achimwene, sindikukanizani. Pamene malemu bambo anagonekedwa m'chipatala ku Kasungu boma, mayi anagona pansi pa bedi masabata atatu, kuphika kukhitchini ya magadiyani, popanda wowapatsa ngakhale tambala, ndipo ndalama ya mankhwala ndinkatumiza ndine osawerengera. Lero gadiyani ndi ine. Dzulo m'mawa ndinakwera pachulu paja pamene netiweki imagwira, ndinatsegula akaunti ya kubanki, mulibe chalowa. Ndakusiyirani ya thumba limodzi, yochotsa pa ndalama ya basi ndi chakudya cha pa ulendo. Lachinayi ndikwera ndege ku Lilongwe, ndipo Lolemba 8 koloko m'mawa ndidzakhala ndili pa foni ija.