Sikipa ya ku Sawtelle, ndi yankho langa kwa achimwene aja

Sabata yatha ndinaponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp la Amalawi a kuno ku California, nditavala sikipa yakuda ya kaloboti pachifuwa. Cholinga chinali chongoonetsa kuti mimba yaphwako. Koma achimwene ena, amene dzina lawo ndilisunga poti tidzadyera limodzi nsima pa Khirisimasi, anafunsa komwe ndinaigula. Ndinawauza kuti ku Giant Robot, sitolo ya ana a anthu ochokera ku Asia obadwira kuno, yogulitsa zojambula, timabuku ndi zovala zonyadira kwawo. Yankho silinachedwe: "Oo, aja amagulitsa chikhalidwe chawo ngati tomato wa pa Lizulu aja?" Gulu lonse linafa nacho chiseko. Ine ndinangoti zii chifukwa ndinali pantchito. Lero ndapuma, ndiye ndiyankhira pano, poti pagulu paja uthenga ukatalika anthu amangoudumpha.

Achimwene, pamenepa mwaphonya.

Giant Robot sinayambe ngati sitolo. Mu 1994, ku Los Angeles, Eric Nakamura, wa makolo ochokera ku Japan, ndi Martin Wong, wa makolo ochokera ku China, anatulutsa kamagazini ka fotokope, kopanda mitundu, komanga ndi sitepula. Makope ake oyamba anali 240 okha. M'menemo ankalemba za mafilimu a ku Hong Kong, nyimbo za punk, zidole za ku Japan, anyamata a skateboard, mpaka kulawa maswiti ndi ma noodles a m'mapaketi n'kumagamula kuti okoma ndi ati, onyansa ndi ati. Nthawi imeneyo munthu wa nkhope ya ku Asia akaoneka pa TV ya ku America ankakhala womenya karate, mwini golosale wothyola Chingerezi, kapena kamwana kofatsa kodziwa masamu. Anyamata awiriwa sanalembe kalata yodandaula. Anangolemba zomwe amakonda, mmene amazilankhulira okha, osaima kuti amumasulire mzungu. Apa ndi pomwe amandigwira mtima. Mtchona aliyense amadziwa kutopa kwa kudzifotokoza tsiku ndi tsiku: kwanu n'kuti, mumadya chiyani, dzina lakolo amalitchula bwanji. Kupeza tsamba lomwe silikukufunsa zimenezo kuli ngati kulowa m'nyumba n'kuvula nsapato.

Musaganize kuti zinali za maswiti zokha. Magazini yomweyo inalembanso za omenyera ufulu akale ngati Yuri Kochiyama, mayi uja anagwira mutu wa Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda, atawomberedwa ku New York mu 1965. Ndipo mwambo wosindikiza okha anaupeza. Dzina loti Asian American linabadwa mu 1968 ku Berkeley, m'kamwa mwa Yuji Ichioka ndi Emma Gee, pomwe ophunzira a makolo a ku Japan, China ndi Philippines anaona kuti aliyense payekha mawu ake samveka. Chaka chotsatira ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles anayamba nyuzipepala yawo yotchedwa Gidra, yomwe inatuluka mpaka 1974.

Tsopano tibwere pa ndalama, poti pamenepo ndi pomwe pali nkhani yanu ya tomato. Wosindikiza mabuku sadya chikhalidwe. Amafuna ndalama yake asanayatse makina. Pepala ndi ndalama, inki ndi ndalama, kutumiza katundu ndi ndalama, lendi siidikira. Ukakhala wopanda kampani yaikulu kumbuyo, njira zako n'zochepa: upemphe kwa opereka thandizo, iwo akuuze nkhani yomwe akufuna kumva, ugulitse masamba ako kwa otsatsa malonda, n'kumasamala pakamwa kuti usawakhumudwitse, kapena ugulitse kanthu kwa anthu omwe amakuwerenga. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Pa njira zitatuzi, ya sikipa ndi imene mwini wake sagwadira munthu.

Mu 2001 a Giant Robot anatsegula sitolo pa msewu wa Sawtelle Boulevard ku Los Angeles, ndipo patapita zaka ziwiri anawonjezera malo oonetsera zojambula otchedwa GR2 mumsewu womwewo. Pali kankhani kamodzi ka m'sitolo imeneyi komwe ndimakakonda kuposa zonse. Sun-Min Kim, mtsikana wa ku Korea, anaphunzira zojambula ku New York pamodzi ndi chibwenzi chake David Horvath. Mu 2001 anabwerera kwawo. Mnyamatayo ankamulembera makalata, kumapeto n'kujambulako kachilombo konyansa koma koseketsa. Tsiku lina mtsikanayo anatenga nsalu n'kusoka kachilomboko pamanja, n'kumutumizira ngati mphatso. David anapita nako kwa Eric kuti angomuonetsa, Eric n'kuitanitsa tina tokagulitsa. Ndimo zinabadwira zidole za Uglydoll, zomwe pambuyo pake zinafika dziko lonse. Tandiuzani, ndi sitolo iti yaikulu yomwe ikanaika pa shelefu kachidole kosoka pamanja ka mtsikana wosadziwika wa kutsidya la nyanja?

Pofika 2011 magazini inali itasiya kutuluka, itafika nambala 68. Intaneti inadya magazini ambiri nthawi imeneyo, iyi sinapulumuke. Masitolo ena omwe anatsegula ku San Francisco ndi New York anatsekedwa. Koma ya pa Sawtelle ilipo mpaka lero, ndipo ojambula achinyamata akupachikabe zithunzi zawo pa makoma a GR2.

Ine ndinakafikako mwezi watha. Msewu wake uli ndi mbiri. Anthu ochokera ku Japan anakhazikika kumeneko kalekale, ambiri akugwira ntchito ya m'minda ya maluwa, ndipo nazale zina zikadalipo pakati pa malo odyera. Mu 1942 boma la America linasonkhanitsa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, ambiri mwa iwo nzika zobadwira momwemo, n'kukawatsekera m'misasa ngati wa Manzanar. A ku Sawtelle nawo anatengedwa. Ena anabwerera nkhondo itatha, ndipo mu 2015 deralo linapatsidwa dzina loti Sawtelle Japantown. Ndiye ukamagula sikipa pamenepo, dothi lomwe waimapolo lili ndi zake zoti linene.

Sitoloyo ndi yaing'ono, ukatembenuka mosasamala chikwama chigwetsa zidole. Pakona pali timabuku ta anthu osindikiza okha. Ndinatola kamodzi kopyapyala, ka inki ya pinki ndi buluu, yomwe ukaisisita imatsalira pa chala. Munthu anajambula khitchini ya agogo ake, chinthu chimodzi pa tsamba lililonse: mpeni waukulu wa chigumukire, chitini cha mabisiketi chodzaza ulusi ndi singano, jumbo yosungiramo majumbo ena. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, poti chitini chimenecho chinaliponso kwathu, ndipo nanenso chinandinamizapo ndili mwana. Pambali panga panali mtsikana ndi mayi ake. Mtsikanayo ananyamula sikipa, mayiwo n'kuilanda, kuitembenuza kunja kukhala mkati, kukoka msoko, kuyang'ana mtengo, kenako kudandaula m'chinenero chawo. Sindinamve liwu ngakhale limodzi koma ndinamva zonse, chifukwa mayi anga amachita chimodzimodzi pa kaunjika. Mapeto ake anatulutsa kachikwama n'kulipira okha, akung'ung'udzabe.

Achimwene, ngati mukufuna kuona kugulitsa chikhalidwe kwenikweni, nkhani yake nayi. Mu 2002 kampani ya zovala ya Abercrombie & Fitch inatulutsa masikipa ojambulidwa amuna awiri a maso otsinzina, zipewa zosongoka kumutu, akutsatsa malo ochapira zovala a abale a Wong, ndi nthabwala yoseweretsa dzinalo. Kwa iwo zinali zoseketsa. Koma Matchaina sanalowe ntchito yochapa zovala chifukwa choikonda. Ntchito zina anawatsekera, ndipo kuyambira 1882 mpaka 1943 panali lamulo loletsa antchito a ku China kulowa m'dzikolo. Ophunzira anakwiya, anachita zionetsero, kampaniyo inachotsa masikipawo m'masitolo. Mu 2021 kampani ina ya zovala yotchedwa Chinatown Market, yomwe mwini wake si wa ku Asia, inakakamizidwa kusiya dzinalo anthu atafunsa kuti nanga okhala ku Chinatown, madera a Matchaina m'mizinda, akupezapo chiyani. Nsalu ndi yomweyo, inki ndi yomweyo. Kusiyana kuli pa amene wajambula, amene akusekedwa, ndi thumba lomwe ndalama ikugweramo.

Pena ndikuvomerezani, pang'ono pokha. Ukayenda m'misika ya ojambula masiku ano, matebulo ena amakutopetsa. Sitika ya tiyi wa boba womwetulira, baji ya dumpling yomwetulira, chikwama cha boba yemweyo. Ngati kuti anthu onse a ku Asia, kuyambira Pakistan mpaka Philippines, ndi chakudya cha nkhope yoseka. Wa ku Cambodia amene makolo ake anathawa ulamuliro wankhanza wa Khmer Rouge, munthu wa mtundu wa Hmong wa ku Fresno, namwino wa ku Philippines amene ndimagwira naye usiku, sawoneka kawirikawiri pa masitika amenewa. Anthu 8 ataphedwa ku Atlanta mu March 2021, 6 mwa iwo amayi a mtundu wa ku Asia, masikipa a mawu odzudzula chidani anangoti mbwee pa intaneti, ndipo sindikhulupirira kuti aliyense wowagulitsa ankalira nawo malirowo. Zaulesi zilipo, adyera alipo. Koma ojambula aulesi akachuluka timadzudzula ulesiwo. Kutseka msika chifukwa cha iwo n'kuwotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Komanso ife ndi anthu oti tinganyoze nsalu yolankhula? Ife a chitenje cha chipani, cha mvano, cha ukwati, cha sukulu ikakwanitsa zaka 50? Timadziwa bwino kuti munthu amavala zomwe akufuna kuti anthu amudziwe nazo asanatsegule pakamwa.

Ndiulule kanthu kena. Ndinakula ndikudziwa mmwenye ngati munthu wa kuseri kwa kauntala ku Limbe basi, wowerenga chenji. Sindinaganizepo kuti ali ndi agogo, ndi chitini cha mabisiketi, ndi nkhani ya ulendo. Ndinadzamva nditakula kuti m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linawachotsa m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi kuti azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo ambiri anasamukira ku Britain, makamaka ku Leicester. Zidzukulu zawo ndi matchona kawiri, a India ndi a Malawi. Mmodzi wa iwo atajambula kabuku ka sitolo ya agogo ake, ndi sikelo yake ndi mipukutu ya nsalu, ine ndingakhale woyamba pa mzere, ndipo sindinganenerere mtengo.

Kabuku ka khitchini kaja ndinakagula. Kali pa tebulo pano, ndipo mwana wanga wakawerenga kale katatu ngakhale mulibe mawu ambiri. Dzulo ndinamupeza akujambula mthiko ndi chipande kuseri kwa envelopu ya bilu ya magetsi, n'kundifunsa kuti chipande chimalembedwa bwanji.

Achimwene, Loweruka likubwerali ndikupitanso ku Sawtelle. Mukafuna tiyeni, mafuta ndithira ine, ramen mugula inu. Jezi ya Flames ija munavala pa 6 July mubwere nayo, tidzaitembenuze tione kalebulo kake kuti inasokedwa kuti.